Mashoki sanyamula matumba

Foni inalila nili m'minibasi yocokela ku Mtendere kupita m'tauni, n'takhala pa mpando uja wa pamwamba pa tayala ya kumbuyo, umene aliyense amauthawa koma pothela pake wina amakhalapo ndithu. Anali alamu, amuna a mlongo wanga, kutuma kucokela kumunzi kwathu, kuseli kwa Petauke. Moni tinangopatsana wa pakamwa. "Alamu, nakutumilani pikica pa WhatsApp, muione bwino-bwino." N'natsegula. Mashoki anayi acikasu, onyezimila, ndipo iliyonse inali na kabotolo kake pambali kolumikizidwa na kapaipi. Pansi pake panali mtengo. N'nauwelenga kawili, cifukwa unali kupitilila lenti yanga ya miyezi inayi. Mnyamata amene anakhala pafupi nane anasuzumila pa foni n'kunena kuti, "Mudala, aya ni a pa rally."

Alamu ali na Hilux yakale ya khebu imodzi. Motoka ija pa pepala ni yawo, koma pa nchito ni ya mudzi wonse. Imapeleka cimanga ku depoti ya FRA, nshawa na thonje kwa ogula, pobwela imatenga fetelaiza. Mai akavutika pobeleka pakati pa usiku, ni yomweyo imathamanga. Bokosi la malilo likafika pa boma, ni yomweyo imakalitenga. Ngakhale ine nikatsika basi pa mphambano ya Petauke, ni Hilux imeneyo imene imanifikitsa kwa amama. Conco si nkhani ya mnyamata wa m'tauni amene akweza motoka yake kuti aoneke pa East Park pa Ciwelu masana. Alamu anali na masamu awo: "Nikamanga aya, nizinyamula matumba 30 pa ulendo umodzi m'malo mwa 20. Dizilo izicepa, maulendo azicepa, ndalama zanu nizabweza pokolola."

Ndalama sin'natume. Ndipo popeza ambili mwa inu amene muwelenga izi muli kuyembekeza kuti minibasi idzale pa Kulima Tower kapena pa City Market mumalandila mafoni a mtundu umenewu, lekani nikambe cifukwa cake. Ise a m'tauni ndise sitolo ya masipeya ya abale athu a kumunzi. Tili na ufulu wofunsa kuti cisulo cimene tikuuzidwa kugula cidzagwila nchito yanji.

Shoki sinyamula katundu. Imene imanyamula ni sipling'i. Izi inu okwela minibasi mumazidziwa na msana wanu, kungoti simunaziike m'mawu. Minibasi ikadzala n'kukhala pansi kumbuyo, ekizozi n'kumakhula pa hampu iliyonse, masipling'i ndiwo atopa kapena katundu waculuka. Koma ikadutsa hampu n'kupitiliza kudumpha katatu, kanayi, monga bwato pa Luangwa, mpaka mutu wanu kugunda denga, apo mashoki ndiwo afa. Ni matenda awili osiyana, ndipo mankhwala a ena sacilitsa ena. Sipling'i ikapanikizidwa imafuna kubwelela, ndipo ikasiyidwa yokha ingapitilize kudumpha-dumpha. Nchito ya shoki ni kuigwila dzanja kuti ikhazikike msanga, tayala ikhalebe yogunda pansi.

M'kati mwa shoki muli oilo na pisitoni ya tumabowo. Tayala ikakwela kapena kutsika, pisitoni imakankha oilo kudutsa m'tumabowo tuja, ndipo kuvutikila kumeneko ndiko kumapha mdumpho. Mphamvu ya mdumpho siimangosowa ai, imasanduka moto. Yendani makilomita 30 pa mseu wafumbi uja wokhala na tumizele monga malata a pa denga, muime, muyese kugwila shoki na dzanja. Mudzacotsa msanga. Oilo ikatentha maningi imapyapyala, imayamba thovu, ndipo pisitoni yodutsa m'thovu siigwila ciliconse. Ndiye cifukwa cake motoka imene inanyamuka bwino-bwino pa boma imafika kumunzi ikuvina. Mashoki okwela mtengo amalimbana na vuto imeneyi. Amakhala otakata kuti mulowe oilo yambili, amaikamo gasi ya naitilojeni yopanikiza oilo kuti isacite thovu, ndipo kabotolo kaja ka pambali ni nkhokwe ya oilo ina, kuti kutentha kuzimwazika.

Conco musanimve molakwa. Mashoki amenewa si cinyengo. Old Man Emu, Ironman na Tough Dog ni maina a ku Australia, dziko limene lili na miseu ya malata yaitali kupambana yathu. Bilstein ni ya ku Germany, Fox ni ya ku America. Anthu amenewa amadziwa cimene acita. Mukaniuza kuti ambulansi imene imatenga odwala kwa a Luembe kapena kwa a Nyalugwe kubwela nawo ku cipatala ca Nyimba imangidwe mashoki otele, ine nizayamba kuomba m'manja, cifukwa munthu wothyoka mwendo kapena mai wodwala pakati amamva mzele uliwonse wa pa mseu. Cimene nikana ni cimodzi: kuganiza kuti motoka ikavala mashoki acikasu yasanduka Canter.

Pa motoka iliyonse pali kacitsulo kolembedwa kulemela kumene fakitale inavomeleza. Vaneti monga Hilux ya khebu imodzi imanyamula pafupi-fupi toni imodzi. Toni imodzi ni matumba 20 a makilo 50, ndipo m'toni imeneyo muwelengelemo dilaiva, mnyamata wokweza katundu, na jeke. Matumba 30 ni toni na hafu. Manje onjezamponi anthu, cifukwa kumunzi kulibe vaneti imene imanyamuka na matumba okha. Pamwamba pa matumba pamakhala amai opita ku cigayo, mwana wa sukulu na thilanki yake, ambuya opita kukatenga mankhwala a BP, mbuzi yomangidwa miyendo. Onsewa akutsamila pa ekiselo imodzi ya kumbuyo na matayala awili.

Makanika wa pansi pa mtengo ali na yankho yacangu pa izi: amawonjezela tsamba limodzi kapena awili pa masipling'i. Motoka imaimilila bwino, siikhalanso pansi, ndipo mwini wake amakondwela. Koma apa m'pamene ine nimaopa kwambili. Kukhala pansi kuja kunali kulila kwa motoka, inali kukuuza kuti yalema. Ukawonjezela masamba waitseka pakamwa cabe. Mabeling'i a ekiselo ni akale omwe aja. Matayala ali na malile awo olembedwa m'mbali, ndipo tayala yolemedwa imatentha mpaka kuphulika. Chasisi imayamba ming'alu kuseli kwa khebu, pamene pamapindikila katundu akalemela kumbuyo. Mabuleki anapangidwa kuti aimitse kulemela kwakuti-kwakuti, ndipo palibe shoki pa dziko lapansi imene imawawonjezela mphamvu.

Pali na kanthu kena kamene anthu ambili sakadziwa. Mavaneti akale, aja opanda ABS, ali na kavavu pafupi na ekiselo ya kumbuyo kamene kamapima kuti motoka yatsika bwanji. Ikalemedwa n'kutsika, kavavu kamalola mabuleki a kumbuyo kugwila mwamphamvu. Ikakhala yopanda katundu, kamacepetsa mphamvu kuti matayala a kumbuyo asatelele. Ukaikweza motoka, kapena kuumitsa masipling'i, osakonza kavavu kameneka, kamaganiza kuti kumbuyo kulibe kanthu pomwe wanyamula toni na hafu. Tsiku limene udzafuna mabuleki onse, udzapeza kuti a kutsogolo okha ndiwo ali pa nchito. Ku Australia komweko kumene kumacokela mashoki aja, ngati ufuna kuti vaneti iloledwe kunyamula zoposa zimene fakitale inalemba, pamafunika injiniya wovomelezedwa aione na kusaina, ndipo boma lilembe. Ise kuno timangopima na maso: ngati siikhala pansi, ndiye kuti ikwanitsa.

Vuto yaciwili ni liwilo, ndipo iyi ni imene inanipangitsa kuumitsa mtima pa alamu. Malata a pa mseu wafumbi amapangidwa na mamotoka omwewo. Wasayansi wina wa ku Australia, Keith Mather, analemba mu 1963 zimene anapeza atayendetsa wilo mozungulila pa mcenga mobweleza-bweleza: wilo ikangopitilila liwilo locepa cabe, tumizele tumayamba tokha, ndipo tumakula pa ulendo uliwonse. Dilaiva aliyense wa kumunzi amadziwa kuti pa malata pali njila ziwili. Kapena uyende pang'ono-pang'ono monga cikocikala, kapena uthamange mpaka motoka iziyenda pamwamba pa tumizele osalowa m'kati. Ambili amasankha yaciwili, cifukwa kugwedezeka kumacepa. Koma kumacepa cifukwa matayala akungopsompsona pansi. Pa nthawi imeneyo ukakumana na ng'ombe pa kona, kapena njinga ya makala, siteling'i imakhala monga ili pa sopo.

Kunena zoona, shoki yabwino imathandiza tayala kugwila pansi pa malata. Koma imacitanso cina: imacotsa mantha m'khebu. Dilaiva amene kale anali kuyenda 40 cifukwa mano anali kugundana, manje ayenda 80 akumvetsela wailesi. Phindu lonse limene shoki inabweletsa limathela ku phazi lake. Ndipo ngati motoka yakwezedwa masentimita asanu, monga mmene mashoki na masipling'i ambili otele amacitila, matumba n'kusanjikizidwa kupitilila khebu, kulemela konse kwakwela m'mwamba. Motoka yotele siivuta kugubuduka. A m'khebu ali na denga na lamba. Amai a pa thumba ali na citenje cawo cabe. A RTSA akhala akucenjeza kambili-mbili za kunyamula anthu pa mamotoka a katundu, ndipo m'tauni timavomeleza na mutu. Koma ine sin'nganame: kumunzi kwathu kulibe basi, ndipo amama anga amakwela pa matumba omwewo.

Kumbukilaninso kuti vaneti ya kumunzi siithela pa fumbi. Imatulukila pa Great East Road. Mseu umenewu, kucokela pa ulalo wa Luangwa uja unatsegulidwa mu 1968 mpaka ku malile a Mwami, unakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 na thandizo la European Union, African Development Bank na ena, ndipo tala wake amaitana phazi. Koma mapili a ku Kacholola sanacotsedwe. Amene munapitako mukudziwa zitunda na makona a pakati pa Luangwa na Nyimba, pamene ngakhale basi yaikulu imalila. Vaneti ya toni na hafu ikutsika pamenepo, kumbuyo kwake kuli thilaki ya ku Malawi, kutsogolo kuli ana ogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu. Pa malo amenewo funso limakhala limodzi: kodi iima?

Alamu sanavomeleze msanga, ndipo nifuna nikambe mbali yawo mwacilungamo, cifukwa si munthu wopusa. "Imwe a ku Lusaka muziwa lini njila ya kuno," anatelo. Caka ciliconse amagula mashoki ochipa, ndipo pofika nthawi yokolola amakhala atataya kale oilo. Ena amabwela m'bokosi lokongola la dzina lodziwika, koma m'kati ni zabodza. Nthawi yogulitsa cimanga ni yaifupi, aliyense amafuna matumba ake afike ku depoti lelo, ndipo ukakana kunyamula matumba 30, mnzako wa vaneti ina avomela. Dizilo siyembekeza munthu. Pa zonsezi alamu ali na mfundo. Kuchipa kumadula, ndipo munthu amene wanamizidwa kasanu na sipeya yochipa ali na cifukwa cofunila yodula kopambana. Kungoti pakati pa shoki yabodza na shoki ya pa rally pali malo aakulu. Pali mashoki a gasi wamba a maina odziwika, monga KYB, Monroe kapena Gabriel, ogulidwa pa sitolo imene imapeleka lisiti ndipo mawa udzaipezanso pomwepo. Kwa vaneti yonyamula toni yake pa liwilo la munthu wofuna kufika, amenewo amakwanila.

Koma cimene cimanipweteka mtima pa nkhani yonseyi si mashoki. Ni cizolowezi cathu. M'Lusaka madzi akasowa, amene ali na ndalama amakumba citsime cake. Malaiti akazima, amagula jenaleta kapena sola. Mseu ukawonongeka, amagula motoka yaitali. Aliyense amadzigulila kothawila, ndipo vuto imatsalila amene alibe. Manje cizolowezi cimeneci cafika kumunzi kudzela pa foni. Mashoki a alamu akanathandiza motoka imodzi. Njinga ya mphunzitsi, cikocikala ca a nduna, njinga yamoto yonyamula odwala, zonse zikanapitiliza kuthyoka pa malata omwewo, ndipo vaneti yothamanga ikanawakulitsanso. Giledala ikadutsa kamodzi mvula itatha, n'kutsegula ngalande za m'mbali, imathandiza onse pamodzi.

Ndalama ya zimenezi siili kutali monga kale. CDF inali K1.6 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse mu 2021. Mu 2022 inakwela kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. Makhonsolo ambili agula magiledala na makina ena a miseu na ndalama imeneyi. Mapulojekiti amayambila ku komiti ya citukuko ya pa wadi, kumene anthu wamba angakambe. N'nafunsa alamu ngati anapitako ku msonkhano wotele olo kamodzi. Anaseka. Anati misonkhano ni ya anthu opanda zocita. Munthu amene amadziwa dzenje lililonse pa mseu uja, amene angauze khansala kuti madzi amadula pati na pati, ndiye amene sapezekapo. Inenso pano sin'dziyeletsa. Timapita kumunzi pa malilo na pa Tuwimba, timadandaula za mseu tili pa thumba, tikafika pa Intercity taiwala.

Mwezi wa May n'nakwela basi ya m'mawa kupita kukaona amama, ndipo n'nauza alamu kuti anipeze pa boma na motoka. Tinapita nayo kwa makanika wina wacikulile amene samakamba zambili. Anagona pansi pake na toci, ndipo pamene anatuluka anatiitana kuti tione tokha. Tsamba limodzi la sipling'i ya kumanzele linali lothyoka pakati, linangogwidwa na anzake. Bauti ya pakati inali yopindika, conco ekiselo inali itasuntha pang'ono, ndiye cifukwa cake motoka inali kuyenda cam'mbali monga nkhanu. Mabushi a labala anali atatha, m'malo mwake wina anakulungamo cidutswa ca tayala. Shoki imodzi inali yonyowa na oilo kucokela pamwamba mpaka pansi, inzake inali yosiyana dzina na msinkhu. Matayala a kumbuyo anali odyeka mabala-mabala, cizindikilo cakuti akhala akudumpha kwa miyezi. Makanika anayang'ana pikica ija pa foni ya alamu, n'kubweza foni. "Mukamanga aya pa zinthu izi," anatelo, "mwaveka wodwala suti."

Tinagula tsamba latsopano, bauti, mabushi onse, na mashoki a gasi awili a kumbuyo a mtundu umodzi, pakuti shoki siisinthidwa imodzi-imodzi. A kutsogolo anali akali na moyo. Mabuleki a kumbuyo anatsegulidwa n'kusinthidwa nsapato zake, cinthu cimene sicinali pa pikica ya alamu. Zonse pamodzi sizinakwane olo lenti ya mwezi umodzi na hafu. Makanika anawauzanso kuti asiye kupopa matayala mpaka kuuma monga mwala poganiza kuti ndiye mphamvu. Pa fumbi, motoka ikakhala yopanda katundu wambili, tayala yofewelako imameza tumizele tumene shoki ikanavutika nato.

Pobwelela kumunzi n'nakana kukhala m'khebu. Mpando n'napatsa amai ena a mwana kumbuyo amene tinawapeza pa mphambano, ine n'kukwela pa matumba a fetelaiza. Alamu anaona monga nawacititsa manyazi, mlendo wa ku Lusaka kukhala pa katundu, koma n'nafuna kumva na thupi langa. Motoka inali kuyenda mowongoka. Pa malata inali kunjenjemela ndithu, koma ikadutsa dzenje inali kukhazikika kamodzi. Pa kona ya pafupi na dambo n'namenya denga la khebu na dzanja kuti acepetse, ndipo anacepetsa, ngakhale kuti n'naona pa galasi kuti akamba cinacake.

M'mawa mwake anali kukweza cimanga ca oyandikana nawo. N'naimilila pambali na kapu ya tiyi nikuwelenga matumba mokweza mawu. Pa 18 n'nati basi, cifukwa panali anthu atatu oyembekeza kukwela. Alamu anati 24. Mwini cimanga anati matumba ake ni 26 ndipo salipila maulendo awili. Mlongo wanga anatuluka m'khichini, n'kuyang'ana amuna ake, n'kunena kuti mwana wawo wamkazi ni mmodzi wa okwela, apita kusukulu. Inanyamuka na matumba 19. Mwini cimanga sananipatse moni mpaka tsiku limene n'nacoka.

Nidziwa kuti ine kulibe, matumba amakwelako. Mlongo wanga amati masiku ena amafika 23, ndipo iye amawelenga akakhalapo. Ku msonkhano wa pa wadi alamu anapitako kamodzi, akuti anakamba za ngalande ya pa dambo ndipo zinalembedwa m'buku. Giledala ikalibe kufika.

Sabata yatha foni inalilanso, nili pa mpando womwe uja wa pamwamba pa tayala. Pikica ina pa WhatsApp. Ulendo uno ni cisulo cacikulu ca kutsogolo cogundila ng'ombe, na malaiti anayi pamwamba pake. Pansi analemba kuti, "Alamu, ici ceve cinyamula lini katundu, nidziwa. Koma muone cabe mtengo."